Koleji ya Kutsidya kwa Malire: Mtengo wa Maphunziro a Zamalonda ku America

Wolemba Mtolankhani Wathu

Chaka ndi chaka, pofika tsiku la 1 Meyi, anyamata ndi atsikana ambirimbiri a ku America amene akutsiriza sukulu ya sekondale amayenera kuyankha koleji imene aisankha kuti akubweradi, ndi kupereka chikole cha malo awo. Tsikulo lisanafike m'nyumba zambiri mumakhala kukangana, pakuti mwana mtima wake uli kutali, ku sukulu ya dzina lomveka ndi timu yotchuka ya mpira, pamene bambo ndi mayi agwira pensulo kuwerengera madola. Mkangano umenewu unalowa kale ngakhale m'nyumba za abale athu amene anakhazikika m'dzikomo, monga aja a ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ochuluka ndithu. Ndipo sitinganene kuti nkhaniyi ndi ya iwo okha, chifukwa ndalama zimene zimalowa m'thumba la koleji ndi zomwe zija zikadagula feteleza kapena malata kumudzi.

Phunziro limene ana ambiri amalithamangira ndi la zamalonda. Mwa madigiri oyamba amene makoleji a ku America amapereka pa chaka, pafupifupi imodzi mwa zisanu zilizonse imakhala ya zamalonda, kaya ndi kuwerengera ndalama, kusamala chuma, kutsatsa katundu kapena kuyendetsa kampani. Palibe phunziro lina limene limaposa pamenepa. Chotsatira chake n'chakuti pafupifupi koleji iliyonse ya zaka zinayi imaphunzitsa zamalonda, ndipo mwana amene akuti akufuna kukaziphunzira kutali ayenera kuyamba wayankha funso la makolo ake: chimene chili kumeneko n'chiyani chimene pano palibe? Mayankho abwino alipo, koma si ambiri monga ana amaganizira.

Mitengo iwiri pa mpando umodzi

Awerengi athu akumbukire kuti dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi misonkho yake. Mayunivesite a boma kumeneko si a boma lalikulu la ku Washington ayi, koma a zigawo. Ambiri a iwo anamera kuchokera pa lamulo lotchedwa Morrill Act, limene Abraham Lincoln analisainira mu 1862, lopatsa zigawo malo kuti zigulitse ndi kumangira makoleji a zaulimi ndi zamisiri. Popeza sukuluzi zinamangidwa ndipo zimayendetsedwa ndi msonkho wa eni chigawo, mwana wa wokhoma msonkho kumeneko amalipira fizi yochepa, koma mlendo amalipira yokwera, ngakhale onse awiri ali pa benchi limodzi pamaso pa mphunzitsi mmodzi.

Kusiyana kwake si kwa masewera. Bungwe la College Board, limene limasonkhanitsa ziwerengero zimenezi chaka ndi chaka, linapeza kuti m'chaka cha sukulu cha 2024 mpaka 2025 fizi yolembedwa pa yunivesite ya boma ya zaka zinayi inali pafupifupi $11,610 kwa mwini chigawo, koma $30,780 kwa wochokera chigawo china. Pa makoleji omwe si a boma inali $43,350, ndipo pa makoleji aang'ono a zaka ziwiri inali $4,050 kwa wa m'dera lomwelo. Tikachotsera, mlendo amaonjeza $19,170 pa chaka, ndiye kuti $76,680 pa zaka zinayi. Pa sukulu za mayina akuluakulu phompho limakula koposa. Pa University of Michigan, m'chaka chomwecho, mwini chigawo amalipira pafupifupi $18,000 pamene mlendo amalipira kupitirira $60,000. Kuchoka ku South Bend kufika pa malire a Michigan ndi mamailosi ochepa chabe, ulendo woti munthu nkuuyenda pa njinga. Koma mwana wa ku South Bend akaoloka malirewo ndi mlendo basi, pamene kwawo ku Indiana, pa Purdue University, fizi ya mwini chigawo inaimitsidwa pa $9,992 kuyambira 2013 ndipo inakhala pomwepo zaka zoposa khumi.

Pali chinthu china chimene makolo ayenera kuchidziwa asanasangalale ndi makalata okongola obwera pa positi. Pambuyo pa mavuto a zachuma a mu 2008 zigawo zambiri zinadula ndalama zimene zinkapereka ku mayunivesite awo, ndipo mayunivesitewo anayamba kusakasaka alendo kuti atseke dzenjelo. University of Alabama inachita zimenezi mwakhama kotero kuti ophunzira ake ochokera kunja kwa chigawo anafika poposa eni ake. Mlendo tsono amafunidwa, koma kawirikawiri chimene chimafunidwa ndi thumba lake. Zigawo zina zinaika malire: ku University of Texas ya mu mzinda wa Austin lamulo limati 90 mwa ophunzira 100 atsopano akhale a ku Texas komweko, ndipo ku University of North Carolina ya ku Chapel Hill alendo m'chaka choyamba saloledwa kupitirira 18 mwa 100. Kumeneko mlendo amalimbirana malo ochepa, ndipo akawapeza amalipiranso zambiri.

Wina angafunse kuti bwanji mwanayo osangokhala chaka chimodzi kumeneko nasanduka mwini chigawo. Ambiri ayesa nzeru imeneyi ndipo ambiri agwa nayo. N'zoona kuti mu 1973, pa mlandu wa Vlandis ndi Kline, bwalo lalikulu la milandu la America linaletsa chigawo cha Connecticut kumutcha munthu mlendo mpaka kalekale popanda kumupatsa mwayi woonetsa kuti wakhazikika. Koma bwalo lomwelo linasiyira zigawo ufulu woika nthawi yodikira ndi kufuna umboni. Zigawo zambiri zimafuna miyezi 12, ndipo zambiri sizimawerengera miyezi imene munthu wakhala chifukwa cha sukulu yokha. Chopweteka kwambiri n'chakuti mwana amene akudyabe za makolo amatengedwa kuti kwawo ndi kumene kuli makolo akewo. Ku Utah ndi ku Missouri chipata n'chotseguka pang'ono kwa wophunzira amene wakhala chaka chathunthu osapita kwawo nthawi ya tchuthi, nasintha chiphaso chake choyendetsera galimoto ndi kulembetsa mavoti kumeneko. Ku California ndi ku Michigan n'kovuta zedi. Banja limene lamanga chiwerengero chake chonse pa chiyembekezo chakuti chaka chachiwiri fizi idzatsika, lisanawerenge malamulo a chigawocho, likumanga nyumba m'dambo.

Kumene mpanda uli ndi chipata

Komabe zipata zilipo, ndipo banja lofatsa lingathe kuzipeza. Choyamba ndi mapangano a zigawo zoyandikana. Kumadzulo kwa dzikolo kuli pangano lotchedwa Western Undergraduate Exchange, limene limati wophunzira wa chigawo chimodzi cha m'panganomo akapita ku koleji ya chigawo china asalipire kupitirira fizi imodzi ndi theka ya mwini chigawo. Ndiye kuti kumene mwini chigawo alipira $10,000, iye alipira zosaposa $15,000 m'malo mwa $28,000 kapena $30,000. Makoleji oposa 160 ali m'panganoli. Pakati pa dzikolo pali pangano lofanana nalo la Midwest Student Exchange Program, ndipo chigawo cha Minnesota chili ndi mapangano akeake ndi Wisconsin, North Dakota ngakhalenso Manitoba wa ku Canada. Koma mapangano amenewa ali ndi minga. Si koleji iliyonse imene imalowamo, ndipo sukulu zotchuka kwambiri, zimene sizisowa ophunzira, nthawi zambiri zimakhala panja. Zina zimalowamo koma zimachotsamo maphunziro amene ali ndi anthu ambiri, ndipo zamalonda zimapezeka m'gulu limenelo. Kum'mwera kuli pangano la Academic Common Market, limene limapatsa mlendo fizi ya mwini chigawo pokhapokha ngati phunziro limene akufuna kwawo kulibe. Apa wa zamalonda amagwa msanga, pakuti ndi chigawo chiti chimene mulibe sukulu ya zamalonda? Amene angapindule ndi yekhayo amene wasankha nthambi yosowa, yosaphunzitsidwa kwawo.

Chipata chachiwiri ndi makoleji amene anasiya kusiyanitsa. Minot State University ku North Dakota, Bemidji State University ku Minnesota ndi Delta State University ku Mississippi akhala akulipiritsa fizi imodzi kwa mwini chigawo ndi mlendo yemwe. Chifukwa chake n'chosabisika: ali m'madera a anthu ochepa, ndipo benchi lopanda munthu silibweretsa kanthu. Ku North Carolina nyumba ya malamulo inayambitsa mu 2018 ndondomeko yotchedwa NC Promise, imene inatsitsa fizi pa Western Carolina University, University of North Carolina ya ku Pembroke ndi Elizabeth City State University kufika pa $500 pa teremu kwa mwini chigawo ndi $2,500 kwa mlendo, ndipo mu 2022 anaonjezapo Fayetteville State University. Popeza teremu zimakhala ziwiri pa chaka, mlendo pa chiyambi pake amalipira $5,000 yokha ya maphunziro, kupatula tindalama tina ta pambali, ndiye kuti zochepa kuposa zimene ana ambiri amalipira m'zigawo zawo zomwe. Mayina a sukulu zimenezi samveka pa wailesi, ndipo mwana wa zaka 17 akawamva amakwinya nkhope. Ku Minot nyengo yachisanu ndi yoopsa, chipale chimakhala pansi miyezi ingapo. Koma ndaona kuti makolo amene anakulira kwathu kuno, amene anayendapo mamailosi asanu wapansi kupita ku sukulu ya mishoni, sachedwa kumvetsa kuti dzina la sukulu ndi lina, maphunziro ake ndi ena.

Chipata chachitatu ndi mphotho za ana okhoza bwino. Mayunivesite ambiri a kum'mwera ndi a pakati, monga Alabama tautchula uja, amalengeza poyera kuti mwana wofika pa malikisi akutiakuti adzachotseredwa ndalama zakutizakuti. Ku Texas kuli lamulo lothandiza kwambiri limene ambiri salidziwa: mlendo amene wapambana thandizo la maphunziro la $1,000 kapena kuposa, pa mpikisano umene ana a ku Texas nawonso anali nawo, angathe kuloledwa kulipira fizi ya mwini chigawo. Mphotho yooneka yaing'ono choncho imatha kuchotsa madola zikwi khumi kapena kuposa pa chaka. Malo otere ndi owerengeka, ndipo sukulu ndiyo imasankha woti imupatse, choncho wochedwa kulembera amapeza atatha.

Sukulu ya zamalonda yeniyeni

Tsopano tifike pa zimene zimakhudza wa zamalonda yekha, pakuti apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Sukulu yoyamba ya zamalonda ya pa yunivesite ku America inali Wharton, imene inakhazikitsidwa mu 1881 pa University of Pennsylvania ndi ndalama za mkulu wa mafakitale Joseph Wharton. Kuchokera pamenepo sukulu zotere zinachuluka ngati bowa, zabwino ndi zachabechabe zomwe, kotero kuti mu 1916 panabadwa bungwe lozipima, limene lero limadziwika ndi zilembo zakuti AACSB. Sukulu za zamalonda zimene zili ndi chidindo cha bungweli ndi pafupifupi 6 zokha mwa 100 pa dziko lonse lapansi. Palinso mabungwe ena aang'ono, monga ACBSP, amene amayang'ana kwambiri kaphunzitsidwe. Chidindo si umboni wakuti mwana adzapeza ntchito, koma ndi njira yachidule yodziwira kuti aphunzitsi ndi maphunziro anayesedwa ndi anthu akunja. Chosangalatsa n'chakuti chidindo cha AACSB chimene chili pa Wharton chilinso pa sukulu ya zamalonda ya Western Carolina, imene fizi yake ndi kachigawo kakang'ono chabe ka fizi ya Wharton.

Chachiwiri n'chakuti kulandiridwa pa yunivesite si kulandiridwa m'sukulu yake ya zamalonda. Pa mayunivesite ambiri akuluakulu mwana amayamba chaka chimodzi kapena ziwiri ali pa khonde, akuphunzira masamu, zachuma ndi chiyambi cha kuwerengera ndalama, kenaka nkulemberanso kuti alowe m'nyumba. Malo akachepa, ena amatsala. Talingalirani banja limene lalipira $30,000 kawiri kuti mwana akaphunzire zamalonda kutali, ndipo pa chaka chachitatu mwanayo auzidwa kuti malikisi ake aperewera pang'ono, asankhe phunziro lina. Kubwerera kwawo n'kotheka, koma si maphunziro onse amene koleji ya kwawoyo idzawavomere, ndipo chaka chimodzi chingathe kutayika. Sukulu zina, monga Kelley School of Business ya Indiana University, zimalandira ana ena mwachindunji kuchokera ku sekondale. Kalata yolandirira mwana iyenera kuwerengedwa mawu ndi mawu kuti zidziwike ngati malo ake m'sukulu ya zamalonda ndi otsimikizika kapena ndi a pa khonde. Kwa mwini chigawo kubetcha kotere n'kopiririka. Kwa mlendo wolipira katatu, ine ndiona kuti n'kupusa.

Chachitatu ndi fizi yoonjezera. Mayunivesite ambiri a boma amalipiritsa ophunzira a zamalonda, pamodzi ndi a zauinjiniya ndi a zaunamwino, ndalama zapadera pamwamba pa fizi ya onse, ponena kuti aphunzitsi awo ndi odula. Kwina imayamba m'chaka chachitatu, pamene mwana walowa kale ndipo sangabwerere. Pa chikwangwani chachikulu simuiona; imabisala m'masamba a ofesi ya zachuma.

Chachinayi, chimene chingapereke chifukwa chenicheni chopitira kutali, ndi malo amene sukulu ili. Wophunzira zamalonda amapeza ntchito makamaka kudzera m'miyezi imene amagwira pa kampani nthawi ya tchuthi akadali pa sukulu, ndipo makampani amakonda kutenga ana a sukulu zowazungulira. Wofuna za mabanki ali ndi chifukwa choyang'anira ku New York, Chicago kapena Charlotte. Wofuna za mafuta, ku Houston. Wofuna za inshuwalansi, ku Hartford kapena Des Moines. Pa ntchito zochepa za malipiro aakulu kwambiri, monga za mabanki a ku Wall Street, dzina la sukulu limatseguladi chitseko, ndipo n'kunama kunena kuti sililemera. Koma wofuna kukhala wowerengera ndalama amayesedwa ndi mayeso a CPA, amene ndi amodzimodzi m'dziko lonselo, ndipo pepala la mayeso silifunsa kuti unalipira zingati. Koleji yotchipa ya m'tauni yaing'ono ili ndi vuto lake, lakuti makampani aakulu safikako kawirikawiri, choncho ndi bwino kufunsa ofesi yake yopezera ophunzira ntchito kuti amene anatsiriza chaka chatha ali kuti lero.

Chikomekome cha mkuyu

Mtengo wolembedwa pa chikwangwani si umene anthu ambiri amalipira, ndipo zimenezi zimagwira mbali ziwiri. Koleji yomwe si ya boma siyang'ana chigawo chimene mwana wachokera, ndipo ngakhale ilembe $43,000 imatha kuchotsa theka kapena kuposa kwa mwana wa banja losauka kapena wokhoza bwino, nkukhala yotchipa kuposa yunivesite ya boma ya chigawo china. Mayunivesite a boma, mbali inayi, thandizo lawo lalikulu la osowa amalisungira eni chigawo. Lamulo la mu 2008 linakakamiza koleji iliyonse yolandira ndalama za boma lalikulu kuika pa intaneti chowerengera chimene banja limalembamo zimene limapeza nkuona pafupifupi zimene lidzalipire, ndipo kuyambira 2015 unduna wa zamaphunziro uli ndi tsamba lotchedwa College Scorecard, loonetsa ngongole ndi malipiro a amene anatsiriza pa sukulu iliyonse. Zonsezi n'zaulere, koma ndi ochepa amene amazitsegula asanakopeke ndi zithunzi za kapinga wobiriwira.

Pa fizi paja tionjezepo chigonero ndi chakudya, zimene College Board inaziyika pa $13,310 pa chaka pa mayunivesite a boma mu 2024 mpaka 2025. Mlendo tsono afika pa $44,090 pa chaka, ndiye $176,360 pa zaka zinayi, tisanawerengere mabuku, malaya a chisanu ndi ndege ya pa Khirisimasi. Mwana amene atsala kwawo nagona m'nyumba ya makolo amapulumutsa chigonero chonsecho. Palinso ndalama zimene sizioneka chifukwa sizituluka m'thumba, koma zimangotsala m'mbuyo. Zigawo zambiri zili ndi thandizo la ana awo limene siliwoloka malire: Cal Grant ya ku California, HOPE ya ku Georgia imene inayamba mu 1993 ndi ndalama za lotale, ndi Bright Futures ya ku Florida. Mwana wa ku Atlanta amene wakhoza bwino nasankha kupita ku Tennessee amasiya HOPE pa malire. Thandizo la boma lalikulu lotchedwa Pell Grant lokha ndilo limamutsata kulikonse, koma lalikulu kwambiri mu 2024 mpaka 2025 linali $7,395.

Mphotho ya koleji nayo ifunsidwe mafunso. Kodi ndi ya chaka chimodzi kapena zinayi? Kodi imafuna malikisi otani kuti isachotsedwe? Kodi fizi ikakwera, iyo imakwera nayo? Mwana amene wadwala teremu imodzi kapena wagonja pa masamu angataye mphotho yake nadzuka m'mawa ali ndi fizi yonse ya mlendo pamutu. Makoleji ena amalemba ngongole m'kalata ya thandizo pa mzere umodzi ndi mphatso, ngati kuti zonse ndi zaulere. Ndipo zaka zinayi zimene tikuwerengerazi si onse amene amazikwanitsa: mwa ophunzira 100 oyamba digiri pa makoleji a zaka zinayi, pafupifupi 64 okha ndi amene amatsiriza pa sukulu yomweyo m'zaka zisanu ndi chimodzi. Sukulu yotchipa imene ana ake ambiri samaliza si yotchipa konse.

Ngongole ya mwana, ngongole ya kholo

Boma lalikulu limabwereka mwana amene akudalira makolo $5,500 chaka choyamba, $6,500 chachiwiri, ndi $7,500 chachitatu ndi chachinayi, zonse pamodzi $27,000. Ndalama imeneyi siikwana ngakhale fizi ya chaka chimodzi ya mlendo. Zotsalazo zimachokera kwa makolo, kapena m'ngongole yotchedwa Parent PLUS, imene imalembedwa m'dzina la kholo ndipo chiwongoladzanja chake n'chokwera kuposa cha mwana. Kwa zaka zambiri kholo linkaloledwa kubwereka mpaka mtengo wonse wa sukulu, ndipo makolo ambiri analowa nayo mu ukalamba. Lamulo la mu 2025 linaika malire a $20,000 pa chaka ndi $65,000 pa mwana mmodzi kuyambira 1 Julaye 2026. Malirewa ateteza ena, koma ena awakankhira ku mabanki, kumene chifundo n'chochepa. Anthu oposa 40 miliyoni ku America ali ndi ngongole ya sukulu ya boma, yonse pamodzi yoposa $1.6 thililiyoni, ndipo ngongole ya mtundu umenewu ndi yovuta kwambiri kuifafaniza ngakhale munthu atapita ku bwalo kukanena kuti chuma chamuthera. Kwa namwino kapena wosamala okalamba amene amagwira usiku kuti asunge nyumba ziwiri, ina ku Indiana ina ku Ntcheu, kusaina pepala lotere n'kumanga zaka khumi kapena kuposa za moyo wake.

Njira imene mabanja ochenjera amatsata ndi yoyamba zaka ziwiri pa koleji yaing'ono ya kwawo, ya $4,050 ija, kutsirizako masamu, zachuma ndi chiyambi cha kuwerengera ndalama, kenaka nkusamukira ku yunivesite zaka ziwiri zotsiriza. Digiri imatuluka ndi dzina la yunivesite. Njirayi imayenda bwino m'kati mwa chigawo chimodzi, kumene kuli mapangano olembedwa ovomereza maphunziro. Powoloka malire pafunika kalata yochokera ku yunivesiteyo yonena maphunziro amene idzawerengere, mwana asanalipire kanthu.

Wochokera kwathu kuno

Wophunzira wochokera ku Malawi kapena ku Zambia ndi mlendo m'zigawo zonse 50. Amalipira fizi ya mlendo, kwina ndi kakuonjezera ka ophunzira akunja, sangalandire Pell Grant kapena ngongole ya boma la America, ndipo chiphaso chake cha F-1 sichimulola kusanduka mwini chigawo ngakhale akhale zaka zingati. Asanapatsidwe pepala la I-20 ayenera kuonetsa kuti ndalama za chaka choyamba chonse zilipo. Amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa mlungu, pa sukulu pomwepo, nthawi imene makalasi ali m'kati. Pa malipiro otsikitsitsa a boma lalikulu, $7.25 pa ola, amene sanasinthe kuyambira 2009, ndiye $145 pa mlungu, kapena $4,350 pa milungu 30. Amene amauza achinyamata kuti ukangofika udzadzilipirira wekha sanawerengere. Kwa wotere makoleji a fizi imodzi monga Minot State ndi lamulo lija la ku Texas ndizo zoyamba kuziyang'ana, popeza sizitsekera wochokera kunja kwa dziko. Koma pamwamba pa ndalama panabwera chopinga china: mu Disembala 2025 boma la America linalengeza kuti kuyambira 1 Januwale 2026 laimitsa kupereka ziphaso za ophunzira kwa nzika za maiko angapo, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali m'gululo. Munthu asalipire chikole ku koleji iliyonse asanafunse ku ofesi ya kazembe mmene lamulolo laimira pa tsikulo.

Achikulire akumbukira Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa dziko lino amene anaphunzira ku Livingstonia nanyamuka wapansi mu 1958 kulinga ku America. Ali ku Kampala anapeza buku la mayina a makoleji m'nyumba yowerengera mabuku, ndipo imene anailembera sinali Harvard kapena Yale, koma Skagit Valley, koleji yaing'ono ya zaka ziwiri mu tauni ya Mount Vernon m'chigawo cha Washington. Anafikako mu 1960. Atatsiriza kumeneko anapita ku University of Washington, ndipo pambuyo pake ku Cambridge ku England.